Eni Mudzi ndi Alendo pa Nchito ya Magetsi ku Germany

Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kodi eni mudzi amamlola kumeta nako? Anzanga, tiyeni tione zimene zinacitika ku Germany.

Kale magetsi a dziko limenelo anali m'manja mwa makampani akuluakulu owerengeka, amene ankawapanga makamaka ndi malasha ndi nyukiliya. Nthambo zonyamula magetsi zinalinso zao. Mlimi akaimika makina oyenda ndi mphepo pamunda pace, analibe msika wina koma kwa iwowo, ndipo mtengo ankaika ndiwo.

M'caka ca 1991 lamulo latsopano linakakamiza makampaniwo kugula magetsi a mphepo ndi a dzuwa kwa anthu wamba pa mtengo wolembedwa m'lamulo. Eni mudzi sanakondwe. Kampani ya PreussenElektra inapita nayo nkhaniyi ku bwalo la milandu, koma mu 2001 bwalo lalikulu la European Union linagamula kuti lamulolo silinalakwe. Mlandu uli mkati, mu 2000, aphungu awiri, Hermann Scheer ndi Hans-Josef Fell, anatsogolera lamulo lina lolonjeza mtengo wosasintha kwa zaka 20. Lonjezo limeneli linalimbitsa mtima mabanki, nayamba kukongoza alimi ndi timabungwe ta m'midzi.

Makampani akulu anadandaula kuti magetsi akukwera mtengo, ndipo apa ananena zoona, pakuti ndalama za lonjezo lija zinkaonjezedwa pa bilu ya banja liri lonse. Boma, litakankhidwanso ndi European Union, linasintha malamulo mu 2014 ndi mu 2017. Linabweretsa mpikisano: wopempha mtengo wotsika ndiye apatsidwe nchito. Mitengo inatsikadi. Koma wopikisana amataya ndalama zambiri pokonzekera asanadziwe ngati apambana. Kampani yolemera ikhoza kupirira zimenezo, koma kabungwe ka m'mudzi sikangathe. Timabungwe tatsopano tinacepa, ndipo makampani akale onga RWE analowa okha mwamphamvu m'nchito ya magetsi a mphepo.

Mu 2000 magetsi a mphepo, dzuwa, madzi ndi zina zosatha anali ngati magawo 6 pa 100. Mu 2023 anapitirira theka. Alendo ndiwo anatsegula njira, eni mudzi natsata pambuyo. Cifukwa cace tikamva za lamulo latsopano la magetsi, tisangofunsa kuti mtengo utsika kodi. Tifunsenso kuti ndani anali pabwalo polikonza, ndipo ndani amene khomo lamtsekera.