Kudzutsa Galimoto Yakale m'Nyengo ya Chisanu

Ku Britain, kumene chisanu chake sichilingana ndi chathu cha mu Juni ndi Julaye, pakuti madzi amaundana m'ngalande ndipo m'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, kuli anthu amene ikafika miyezi imeneyi, pamene kumunda kulibe chochita ndipo panja sipakhalika, amalowa m'garaja akaweruka kuntchito, nayamba kumasula galimoto yakale imene eni ake anaitaya kalekale, kuti pofika Epulo kapena Meyi ikhale itadzuka ndi kuyendanso pamsewu. Ambiri a iwo si amakaniko ai; ndi aphunzitsi, alimi, makalaliki ndi akuluakulu opuma pantchito, ndipo sachitira malonda, koma chikondi chokha. Palinso chifukwa china chosankhira nyengoyi. Aboma kumeneko amawaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo popeza madzi a mchere amadya chitsulo mofulumira kuposa madzi a mvula, mwini galimoto yakale amaibisa m'nyumba kufikira chisanu chitatha, napezerapo mpata woikonza.

Kuti timve bwino mmene ntchitoyi imayendera, titenge galimoto imene tonse tinaionapo itanyamula apolisi, amishoni kapena odwala m'misewu yamatope, ndiyo Land Rover. Inaonekera koyamba m'chaka cha 1948, yopangidwa ku Solihull, ndipo mitundu yake yakale inapangidwabe kufikira 1985. Popeza nkhondo yachiwiri inali itangotha ndipo chitsulo chinali chosowa, opanga anavundikira thupi lake ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri lofiira lija. Koma chesisi, ndiko kunena chimango cha pansi chimene chimasenza injini, thupi ndi katundu yense, anachipanga ndi chitsulo wamba. N'chifukwa chake Land Rover ya zaka 50 imatha kuoneka yosalala kunja, pamene pansi pake paola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wodziwa ntchito sayamba ndi kuyang'ana penti kapena mipando. Amatenga tochi ndi hamala yaing'ono, nagwada, nagogoda chesisi kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, choola chimayankha mogontha, ndipo nthawi zina hamala imangolowa, dzimbiri n'kumayoyoka. Chesisi ya Land Rover ili ngati bokosi lalitali lamphako, ndipo matope akalowamo amasunga chinyontho chaka ndi chaka, kotero kuti imadyeka kuchokera m'kati, monga mmene chiswe chimadyera nsichi ya nyumba, khungwa lili chilili. Malo oipitsitsa ndi mtanda wa kumbuyo, pomangirira masipuling'i, ndi khoma lachitsulo limene lili pakati pa injini ndi mapazi a dalaivala. Ponse pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pamapezekanso ufa woyera, chifukwa zitsulo ziwirizi zikakumana pali chinyontho, pamayenda kamphamvu ka magetsi kamene kamadya aluminiyamuyo. Pomanganso amaikapo kalabala kapena penti kuti zisakhudzane. Pobooka pang'ono amadula mpaka apeze chitsulo chowala, nawotchererapo chigamba cholingana nacho kukhuthala. Kumata phala pamwamba pa dzimbiri ndi kupakapo penti yakuda ndi chinyengo, ndipo wochita zotere amanyenga iye mwini ndi ana amene adzawakweze. Chesisi ikaola kwambiri amagula yatsopano, yoviikidwa mu zinki monga amachitira malata, nasamutsirapo zonse chimodzichimodzi.

Pomasula pafunika dongosolo. Bawuti iliyonse ndi nati yake zimalowa m'kachitini kolembedwa kumene zachokera, waya aliyense amamangidwa kapepala, ndipo asanachotse chinthu amayamba achijambula ndi foni, pakuti chimene munthu akuchikumbukira bwino mu Novembala adzakhala atachiiwala pofika Malichi. Bawuti yogwidwa ndi dzimbiri salimbana nayo. Amaithira mafuta olowerera, naisiya igone, mawa n'kuyesanso, popeza ikathyokera m'kati ntchito ya mphindi zisanu imasanduka ya tsiku lathunthu.

Tsopano, anzanga, pali mau amene ndikufuna muwasunge ngakhale mutaiwala ena onse, pakuti akukhudza ife ngakhale sitidzadzutsa galimoto yakale m'moyo wathu. Musalowe pansi pa galimoto imene yaimikidwa pa jeke yokha. Jeke anaipangira kukweza, osati kusunga. Mafuta ake amatha kuthawa mwakachetechete, kapena phazi lake kuterereka, ndipo Land Rover imalemera kupitirira tani imodzi, katundu amene nthiti za munthu sizingamupirire ngakhale kamphindi. Tonse taonapo m'magaraja a pansi pa mtengo galimoto itakhazikidwa pa njerwa zosanjikiza, mnyamata ali chagada pansi pake, akukoka sipanala ndi mphamvu zake zonse. Njerwa siichenjeza, imangophwanyika nthawi imodzi. Galimoto ikhale pa miyendo yachitsulo yopangidwira ntchitoyi, kapena pa zipika zikuluzikulu za mtengo wolimba zogonekedwa chopingasa, pamalo osalala ndi ouma. Matayala otsala pansi atsekedwe ndi mphanda kutsogolo ndi kumbuyo. Tayala limene mwachotsa muligoneke pansi pa chesisi, kuti zina zikalephera lilandire katunduyo. Ndipo musanalowe, igwedezeni ndi manja awiri muone ngati ikusuntha. Pakhalenso munthu wina pafupi amene angamve mukaitana. Mkazi ndi ana akudikira kunyumba, ndipo palibe galimoto, ingakhale yokongola chotani, imene ingalowe m'malo mwa bambo.

Ngozi zina zitatu zimayendera limodzi ndi imeneyi. Utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, ndiye amene amatseka zitseko za garaja poopa kuzizira, injini ikulira, amayamba ndi mutu ndi tulo, osadzukanso. Ndi mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Thanki ya petulo, ngakhale itakhala yopanda kanthu kwa zaka, imasunga nthunzi yophulika, chotero ichotsedwe ndi kuikidwa kutali munthu asanayatse moto wowotcherera. Ndipo fumbi la mabuleki akale musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpope, chifukwa ambiri anapangidwa ndi asibesitosi amene amawononga mapapo patapita zaka. Lipukuteni ndi nsanza yonyowa.

Injini ya petulo imafuna zinthu zinayi kuti ilire: mafuta, mpweya, moto wa papulagi, ndi kupanikizika kwa m'silinda. Imene yagona zaka zambiri nthawi zambiri imapezeka itagwira, mapisitoni atamamatira ku makoma ake. Wopupuluma amalumikiza batire yamphamvu kapena kuikoka ndi thirakitala, nathyola zimene zikanapulumuka. Wodekha amachotsa mapulagi, nathira oilo wopepuka kapena dizilo pang'ono m'mabowo ake, nadikira masiku angapo, kenaka nayesa kutembenuza injini ndi dzanja, pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo. Ndipo Land Rover zakale zili ndi chogwirira chopukusira injini chimene chimathandiza pamenepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikamasuka, amakhetsa oilo wakale, natsuka kabuleta imene petulo wouma amaitseka ndi phula, nasintha mapaipi onse a labala. Za mapaipiwa tisazinyoze, pakuti kuyambira 2021 petulo wamba wa ku Britain amasakanizidwa ndi ethanol kufikira magawo 10 pa 100, ndipo ethanol amafewetsa ndi kung'amba labala wakale. Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo, popeza petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa kuyambira 1982. Paipi yodontheza petulo pa injini yotentha ndiyo imayatsa galimoto zambiri zakale.

Mabuleki amakonzedwa galimoto isanaponde msewu. Mafuta ake amamwa chinyontho cha mumpweya, nachititsa dzimbiri m'kati mwa timapaipi tachitsulo, ndiye timapaipito, malabala ake ndi mafutawo zimasinthidwa zonse popanda kunyinyirika mtengo. Matayala nawonso, ngakhale mano ake ali athunthu, akang'ambika m'mbali atha ntchito.

Ndalama zimatuluka pang'onopang'ono, lero gasiketi, mawa bering'i, mpaka munthu kudabwa kuti zapitirira mtengo umene galimotoyo ingagulidwe. Anzeru amakhala pansi ndi kope asanagule, nalemba chilichonse chimene alipira, ndipo sakhudza ndalama ya chakudya kapena ya fizi ya ana. Ku Britain boma limawapepuzirako, pakuti galimoto yopitirira zaka 40, imene sinasinthidwe kwambiri, siilipira msonkho wa pamsewu ndipo siikakamizidwa kupita kukayesedwa chaka ndi chaka, ngakhale lamulo likufunabe kuti mwini wake aisunge yoyenera kuyenda.

Penti imabwera pomalizira penipeni, ndipo amaidikiritsa mpaka kunja kutayamba kufunda, chifukwa pozizira ndi pachinyontho siuma bwino, imachita mkungu ndi matuza. Ulendo woyamba umakhala waufupi, wongozungulira pafupi ndi nyumba, dalaivala akutchera khutu ku phokoso lililonse ndi kuyesa mabuleki pamalo opanda anthu. Akabwerera amayala pepala pansi pa injini kuti aone chimene chikudontha, nagwira mawilo ngati atentha, namanganso manati onse a matayala ndi a masipuling'i, pakuti zitsulo zomangidwa kumene zimakhazikika ndi kumasukirako pa ulendo woyamba.