Tupa kapena mwala? Phunziro la kunola mpeni

Anzanga, chipsera chili pa chala changachi ndi cha mpeni wobuntha. Tchuthi chapitachi ndinkasenda dzungu, ndikukanikiza ndi mphamvu zonse, mpeni n'kuterereka, basi magazi chuu! Agogo atandimanga bala anandikhazika pafupi ndi mwala wawo wonolera nati, "Iwe, mpeni wobuntha umadya mwini wake." Zomwe anandionetsa ndi izi.

Choyamba, chida chilichonse chili ndi chonolera chake. Tupa ndi ya chikwanje, khasu, nkhwangwa ndi zikwakwa zathu zotchetchera pasukulu pano. Imadya chitsulo pokankha pokha, ndiye pobwerera muziyinyamula. Kupalasa uku ndi uku, ngati momwe ambirife timachitira Lachisanu, kumangoigwetsa mano. Tupa yopanda chigwiriro musagwire, kansonga kake kamabaya chikhatho.

Mpeni wa kukhitchini umafuna mwala. Yambani ndi mwala wokhakhala ngati mpeniwo wabunthiratu, mumalize ndi wosalala. Thirani madzi kuti tizitsulo tomwe tikuchoka tisatseke mwala.

Povuta ndi pa kapendekedwe. Mpeni ugone pa madigiri pafupifupi 20. Mulibe protractor eti? Tengani ngodya ya pepala, ndi 90 imeneyo. Pindani pakati, 45. Pindaninso, 22.5. Ikani kapepalako pansi pa mpeni kuti dzanja lizolowere. Ine ndinkaimika mpeni kwambiri, ndikamanola ndikuubunthitsa ndekha. Nolani mbali imodzi kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, kufikira kachitsulo kopyapyala katapindikira mbali inayo. Ndiye tembenuzani, munole mofanana. Pomaliza kokerani mpeni chammbuyo pa lamba wachikopa kuti kachitsuloko kachoke.

Za makina onolera a pamsika, kaya ku Mponela kaya ku Ntchisi boma, ndi achangu ndithu, ndipo chikwanje chogumuka amachikonza bwino. Koma amadya chitsulo chambiri, komanso akatenthetsa mpeni mpaka m'mphepete kuoneka buluu, chitsulocho chafewa, sichisunganso kuthwa. Uzani wonolayo aziuviika m'madzi pafupipafupi.

Simenti ya pakhonde iyo ayi, imakumba mpeni ndipo mayi akuthamangitsani. Mwala ukasowa, tembenuzani kapu yadothi, munolere pa mkombero wapansi wosapakidwa uja.

Poyesa musagwiritse chala chonde. Tengani tomato wakupsa: mpeni ukalowa osamufinya, watha. Wa agogo uja tsopano ndimanola ndine Loweruka lililonse, ngakhale mwala wosalalawo sanandilolebe kuugwira ndekha.