Phunziro: Kumanga pulogalamu ya pafoni

Mukatsegula WhatsApp pafoni yanu, mukugwiritsa ntchito pulogalamu yomwe anthu ena anakhala pansi n'kuipanga. Achinyamata amaitcha app. Inunso mukhoza kupanga yanu, ngakhale simunaphunzire za makompyuta.

Chida chabwino choyambira ndi App Inventor. Anachiyambitsa a Google m'chaka cha 2010, ndipo lero chili m'manja mwa yunivesite ya MIT ku America. N'chaulere. Pamafunika kompyuta, intaneti ndi akaunti ya Google.

Chidachi chili ndi zipinda ziwiri. M'chipinda choyamba, chotchedwa Designer, mumakonza nkhope ya pulogalamu: batani apa, chithunzi apo, polembapo mawu m'munsi mwake. Mumangokoka chinthu n'kuchiika pomwe mwafuna.

Chipinda chachiwiri, Blocks, ndiye pali ntchito yeniyeni. Malamulo ake ali ngati njerwa zolowana. Njerwa ina imati: batani likadinidwa. Ina imati: lankhula mawu awa. Mukazilumikiza, munthu akangodina batani, foni imalankhula. Njerwa zosagwirizana zimakana kulowana, ndiye cholakwa mumachiona pomwepo.

Batani latsopano limabwera ndi dzina loti Button1, lotsatira Button2. Sinthani mayinawa msanga. Lina mulitche Moni, lina Werengera. Mukapanda kutero, mabatani akakwana 10 mudzavutika ngati mayi amene ana ake onse anawapatsa dzina limodzi.

Musataye nthawi kufunafuna njerwa. Dinani pamalo opanda kanthu, yambani kulemba dzina lake, ituluka yokha. Ngati mukufuna njerwa yofanana ndi yomwe muli nayo kale, idineni, kenako Ctrl ndi C, Ctrl ndi V.

Koma chachikulu ndi ichi. Ikani pafoni yanu pulogalamu ya MIT AI2 Companion, muijambulitse QR code yomwe App Inventor imaonetsa pakompyuta. Foni ndi kompyuta zikhale pa Wi-Fi imodzi. Chilichonse mwasintha chimaoneka pafoni nthawi yomweyo. Mmisiri amaika levulo pamzere uliwonse wa njerwa, sadikira khoma lifike kudenga. Inunso muziyesa mukaika njerwa ziwiri kapena zitatu.

Magetsi akathima musadandaule, ntchito yanu imasungidwa pa intaneti.

Sabata ino pangani batani limodzi lokha lonena kuti "Muli bwanji?" Foni idzatchula Chichewacho mopotoka ngati mlendo wofika dzulo. Mubwere nayo kukalasi, tidzamvere limodzi.