Ana Amene Ankasindikiza Nkhani Zawo

M'dziko la France munali mphunzitsi wina dzina lake Célestin Freinet. Anavulala m'mapapo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, motero kulankhula nthawi yaitali m'kalasi kunkamuvuta. Mu 1920 anayamba kuphunzitsa m'mudzi wa Bar-sur-Loup, ndipo mu 1924 anabweretsa kamakina kosindikizira m'kalasi mwake.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Mwana aliyense ankalemba nkhani ya kumtima kwake, kaya za kunyumba, kaya zimene waona panjira. Aliyense ankawerenga yake mokweza, kenako ana ankasankha imodzi pokweza manja. Nkhani yosankhidwayo inkalembedwa pa bolodi.

Phunziro lenileni linali pa bolodipo. Onse ankathandizana kuikonza. Wina ankaona chilembo chimene chasowa. Wina ankafunsa kuti, "Apa ukutanthauza chiyani?" Mwini nkhani ankafotokoza mpaka anzake onse amve, ndipo mawu abwinowo ndi amene ankalowa m'nkhani. Akatha kukonza, ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi, n'kuzindandalika m'mizere, kupaka inki ndi kusindikiza. Ntchitoyi inali yochedwa, komatu mwana amene wagwira chilembo chilichonse ndi zala zake saiwala msanga kalembedwe ka mawuwo.

Mapepala ena ankawatumiza pa positi kwa ana a sukulu yakutali, ku Trégunc, m'mphepete mwa nyanja, kumene kunkaphunzitsa René Daniel. Nawonso ana a kumeneko ankatumiza nkhani zawo.

N'chifukwa chiyani njirayi imathandiza? Nkhani ya m'kope amaiwerenga mphunzitsi yekha. Akaichonga, kope limatsekedwa, basi. Koma mukamalembera munthu amene sanafikeko kwanu, mumasamala. Mumatchula dzina la mtsinje, mumanena tsiku, mumawerenganso kawiri kuopa kuti angamve zina. Ndipo yankho likabwera, mumalakalaka kuliwerenga nokha, popanda wina wokuwerengerani. Kwa ine, chilakolako chimenechi chimaposa ndodo ndi mayeso omwe.

Ifenso pa sukulu ya kwacha tingachite zomwezi, ndipo sipafunika makina. Pepala lalikulu, cholembera ndi khoma n'zokwanira. Akulu muli ndi nkhani zambiri kuposa ana: mtengo wa feteleza, mjigo umene wawonongeka, mmene mumasungira chimanga kuti chisafumbwe. Sankhani imodzi, ikonzeni pamodzi, ndipo muimate pamene anthu amadutsa, monga pachigayo, mutapempha kwa eni ake. Musalembe chinsinsi cha munthu kapena mphekesera, chifukwa cholembedwa chimawerengedwa ndi aliyense.

Sabata ino aliyense alembe mizere itatu ya chinthu chimene waona ndi maso ake. Musaope kulakwitsa, anzanu adzakuthandizani pa bolodi. Mubwere nayo tsiku la phunziro lotsatira.