Za Loko ndi Kuyesedwa Kwace

Loko ndi kanthu kakang'ono, kokwana m'dzanja la mwana, koma munthu amamuikiza cuma cace conse. Pamene mwini nyumba anka ku ulendo, kapena pamene mwini sitolo agona tulo, mlonda wotsala pakhomo ndiye loko. Mlonda ameneyu safuna malipiro, ndiponso saodzera. Koma akakhala wopangidwa mwaulesi aipa koposa mlonda wogona, pakuti mwini wace amakhazika mtima pansi pamene katundu wace ali pangozi. Cifukwa cace amisiri a maloko anabvutika zaka zambiri ndi funso ili: Kodi munthu angadziwe bwanji kuti loko ngwokhulupirika, mbala isanafike kudzamuyesa?

Anthu akale a ku Egypt anali ndi maloko amtengo. Mpiringidzo wa citseko unali ndi tizibowo, ndipo pamwamba pace panali timitengo tating'ono togwera m'tizibowomo, timene tinalikugwira mpiringidzo kuti usasunthe. Kiyi wace anali wamtengo, wamkulu, wokhala ndi mano onyamula timitengo tija. Nzeru imeneyo inali yabwino ndithu, koma mtengo umafumbwa, nung'aluka, nupsa ndi moto. Pambuyo pace Aroma anasula maloko acitsulo ndi makiyi amkuwa, ena a iwo ang'onoang'ono obvala pa cala monga mphete.

Kuyambira pamenepo, zaka zoposa 1,000, amisiri a ku Europe analikupanga maloko okometsedwa kwambiri kunja, ozokotedwa maluwa ndi zithunzi za nyama. Koma m'kati mwace munali tizitsulo tochinga cabe, toletsa kiyi wacilendo kuzungulira. Mbala yocenjera inalikutenga kiyi wina, nimpala ndi tupa kufikira atatsala woonda, ndipo kiyi woteroyo analikulambalala zochinga zonse. Maloko amenewo anayenera mwambi uja wakuti, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'caka ca 1778 Robert Barron wa ku England anapeza njira yatsopano. Anaika m'loko tizitsulo toyenera kukwezedwa ndi kiyi kufikira pa muyeso wace weniweni. Kakapanda kufika pa muyesowo, loko satseguka, kakapitirira, satsegukanso. M'caka ca 1784 Joseph Bramah wa ku London anapanga loko wobvuta koposa ameneyo. Koma Bramah anaona kuti mmisiri wogwira nchito ndi tupa ndi maso ace okha analikucedwa kwambiri, ndiponso tizitsulo tace sitinalikutuluka tolingana. Tsono analemba nchito mnyamata wa zaka 18, dzina lace Henry Maudslay, amene anapanga makina odulira tizitsulo tija pa muyeso umodzimodzi tsiku ndi tsiku. Apa pali phunziro loyamba: kupanga loko mmodzi wabwino sikukwanira, cofunika ndico kuti loko aliyense wotuluka m'nyumba ya nchito akhale wabwino monga woyambayo.

Bramah anakhulupirira nchito yace kotero kuti anaika loko mmodzi pa zenera la sitolo yace mu mseu wa Piccadilly, nalembapo kuti munthu amene adzamtsegula wopanda kiyi wace adzalandira ndalama zochedwa guinea zokwana 200, ndiko kuti mapaundi 210. Loko ameneyo anakhala pamenepo zaka zambiri wosagonja kwa munthu.

M'caka ca 1817 mbala zinaba pa dooko la zombo za nkhondo ku Portsmouth, zitatsegula ndi makiyi onyenga. Pamenepo Boma linaitana amisiri kuti apikisane kupanga loko wotseguka ndi kiyi wace yekha. Amene anapambana ndiye Jeremiah Chubb, m'caka ca 1818. Loko wace anali ndi kacitsulo kena kokhala ngati mboni. Munthu akalowetsa waya kapena kiyi wacilendo, nakweza kacitsulo kamodzi kupitirira muyeso, mboni ija inalikugwira, loko nauma gwa. Mwini nyumba pobwera analikupeza kuti kiyi wace sazungulira, nazindikira pomwepo kuti pakhomo panafika mlendo woipa. Poyamba panafunika kakiyi kena kobwezera loko m'malo mwace, koma m'caka ca 1824 mbale wace Charles Chubb anakonza kuti kiyi weniweniyo akazunguliridwa cobwerera m'mbuyo, loko amasuke. Mbiri ya loko ameneyu isimba kuti wandende wina, amene kale anali mmisiri wa maloko, analonjezedwa ufulu ndi ndalama akamtsegula. Anayesa miyezi iwiri kapena itatu, nalephera.

Cotero anthu a ku England anayamba kuganiza kuti maloko a Bramah ndi a Chubb sangatsegulidwe konse ndi munthu wopanda kiyi. Koma m'caka ca 1851 kunacitika cionetsero cacikulu ca nchito za mitundu yonse m'nyumba yagalasi yochedwa Crystal Palace ku London. Kumeneko kunafika munthu wa ku America, dzina lace Alfred Charles Hobbs, wogulitsa maloko a kampani ya ku New York. Pamaso pa mboni Hobbs anatsegula loko wa Chubb m'mphindi 25. Atatero anapempha loko uja wa pa zenera la Bramah. Joseph Bramah mwini wace anali atamwalira kale m'caka ca 1814, koma otsala pa nchito yace anabvomera. Hobbs analowa m'cipinda ndi tizipangizo tace, nagwira nchito maora 51 pa masiku 16, kufikira loko anatseguka. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha. Panabuka mkangano pa za njira imene anatsegulira, koma oweruza anagamula kuti alandire ndalama zija, ndipo analandira.

Anthu ambiri anacita mantha, makamaka eni mabanki. Ena anadzudzula Hobbs, nati kuulula zofooka za loko ndiko kuphunzitsa mbala. Koma iye anayankha kuti mbala zimadziwa kale nchito yao, ndipo wotsala m'mdima ndiye munthu wolungama amene anagula loko. Zaka zitatu zitapita, m'caka ca 1854, mmodzi wa anchito a Chubb anatsegulanso loko wopangidwa ndi Hobbs mwini. Pamenepo amisiri anazindikira phunziro laciwiri: palibe loko wosatheka kutsegulidwa. Funso loyenera ndilo lakuti, Kodi loko adzacedwetsa mbala nthawi yotani? Mbala ya usiku iribe maora 51; imaopa garu, ndi nyali, ndi mapazi a munthu wodutsa. Loko amene aicedwetsa kufikira itataya mtima wagwira nchito yace.

Ku America, Linus Yale wamng'ono anabwerera ku nzeru ija ya ku Egypt, naikonza bwino m'zaka za 1861 ndi 1865. M'loko wace muli kacitsulo kobulungira kamene kiyi alowamo, ndipo timisomali tamkuwa, kawirikawiri tisanu, timakagwira kuti kasazungulire. Kamsomali kalikonse nkoduka pawiri, ndipo malo odukawo ngosiyana utali wace. Kiyi woyenera amakweza timisomali tonse kufikira malo odukawo alingana pa mzere umodzi. Pamenepo kacitsulo kobulungira kazungulira, loko natseguka. Kiyi wace ngwamng'ono ndi wophwaphwatala, ndipo maloko a mtundu umenewu afala pa dziko lonse. Koma ubwino wace wonse uli pa muyeso. Tizibowo ta timisomali tikabooledwa mokhota kapena mokula, lokoyo amabvomera makiyi acilendo, ndiponso sakhalitsa.

Masiku ano mmisiri sadikira kuti kufike Hobbs wina kudzamcititsa manyazi. Maiko ali ndi mabungwe oika miyeso ya katundu. Ku Britain bungwe lotere, limene tsopano lichedwa British Standards Institution, linayamba m'caka ca 1901, ndipo m'caka ca 1963 linalemba lamulo la maloko okaniza mbala, lochedwa BS 3621. Lamulolo lifuna kuti loko wa mtundu uja wa Barron ndi Chubb akhale ndi tizitsulo tokwezedwa tosacepera 5, ndi kuti mitundu ya makiyi ace isacepere 1,000, kuopa kuti kiyi wa munthu mmodzi angatsegule nyumba ya mnansi wace. Loko wopambana mayeso amadindidwa cizindikiro cochedwa Kitemark.

Mayesowo ngaukali. Oyesa amatenga maloko owerengeka mwa ambiri opangidwa, nawazunza dala. Wina amboola ndi cobolera, wina amceka ndi maceka, wina amkankha ndi makina kuti aone mphamvu imene ingathyole mpiringidzo wace. Wina amuika m'bokosi lodzala nkhungu ya madzi amcere masiku ambiri, kuti aone ngati adzacita dzimbiri. Winanso ammangirira pa makina otsegula ndi kutseka usana ndi usiku. Pa miyeso ya ku Europe, loko wa pacitseko wofuna kuwerengedwa pakati pa olimba koposa ayenera kutsegulidwa ndi kutsekedwa nthawi 200,000 osaonongeka. Citseko cotsegulidwa nthawi 20 pa tsiku cingafike pa ciwerengero cimeneco patapita masiku 10,000, ndiko kuti zaka 27 ndi miyezi ina. Loko akalephera, amisiri amamphwasula, nafunafuna kacitsulo kamene kanayamba kufooka, nakakonza asanapangenso ena.

Zitsulo zomwe zimasankhidwa mosamala. M'kati amaikamo mkuwa wosanganiza ndi zinki, cifukwa sucita dzimbiri longa la citsulo wamba, ndiponso umasemeka bwino. Khosi lokhota la loko wokoleka limapangidwa ndi citsulo cotenthedwa kwambiri ndi kuziziritsidwa msanga, kuti tupa ndi maceka zizingotererapo.

Wogula loko ayenera kukumbukira kuti utoto wonyezimira suletsa mbala. Ayenera kuona kulemera kwace, ndi kuyesa ngati kiyi alowa ndi kuzungulira bwino osagwedera. Akumbukirenso kuti loko wolimba pa citseko cofumbwa, kapena pa cokolekera cokhomedwa ndi misomali iwiri, ali cabe, pakuti mbala idzasiya loko nizula cokolekera. Ndipo mwana wofuna kudzakhala mmisiri, kaya wa zitsulo, kaya wa matabwa, kaya wosoka, aphunzire kwa opanga maloko. Nchito yao yaikulu iri m'kati, m'mene wogula sangaone. Komabe tsiku limafika lakuti nchito yobisikayo iyesedwe, ndipo pa tsikulo dzina la mmisiri limakwera kapena kugwa.

Mafunso

1. Kodi cifukwa ninji Bramah anafuna makina m'malo mwa tupa?
2. Fotokozani nchito ya kacitsulo kokhala ngati mboni m'loko wa Chubb.
3. Kodi Hobbs anawayankha ciani anthu omdzudzula?
4. Citseko cikatsegulidwa nthawi 40 pa tsiku, cidzafika pa nthawi 200,000 patapita masiku angati?