Timatumba ta Kachirombo ka Kolera

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2022 matenda a kolera anabuka ku Machinga. Pofika chaka cha 2023 anali atafalikira m'maboma onse a dziko lino, ndi kuno ku Ntcheu komwe. Anthu oposa 58,000 anadwala, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Kolera anayamba kuoneka m'Malaŵi m'chaka cha 1973, koma chiyambire anali asanaphepo anthu ambiri chotere.

Tonse tinamva uphungu wa alangizi a zaumoyo: sambani m'manja, thirani klorini m'madzi, kumbani chimbudzi. Koma ndi oŵerengeka amene anauzidwa mmene kachirombo kake kamagwirira ntchito kakaloŵa m'mimba. Lero tiphunzira chinthu chimodzi chimene kamachita. Kamatulutsa timatumba ting'onoting'ono tochokera pa khungu lake.

Kachiromboka nkotani?

Kachirombo ka kolera kali m'gulu la tizirombo totchedwa mabakiteriya. Nkokhota ngati kanthochi, ndipo kali ndi kamchira kamodzi kosambira nako m'madzi. Bwerekani lula ya mwana wa sukulu, muone timizere tating'ono kwambiri tija. Kuchoka pa kamzere kamodzi kufika pa kanzake ndi milimita imodzi. Pa kampata kameneko mungandande tizirombo ta kolera pafupifupi 500. Nchifukwa chake madzi a pachitsime angathe kuoneka oyera mbee, pamene muli matenda.

Kachiromboka kali ndi makungu aŵiri, lina la m'kati, lina la kunja. Pakati pa makunguŵa pali kampata, ndipo m'kampatamo muli kaukonde kolimba kamene kamagwira thupi lonse kuti lisaphulike. Khungu la kunja nlamafuta, nlofeŵa. Linamangiriridwa ku kaukonde kaja ndi tizingwe tambirimbiri, monga mmene timamangira udzu ku phaso ndi luzi.

Mmene timatumba timapangikira

Inu alimi mumawadziŵa matuza a khasu. Mukalima tsiku lonse, khungu la pachikhatho limasiyana ndi mnofu. Madzi amadzaza m'menemo, tuza nkutukumuka.

Kachirombo nakonso kamachita matuza. Pamalo pamene tizingwe tija tachepa kapena taduka, khungu la kunja limatukumuka. Nthaŵi zina chimakankha ndi zinyalala zimene zaunjikana m'kampata muja. Nthaŵi zina ndi mafuta amene achuluka mbali ya kunja ya khungulo, kotero kuti limasoŵa malo nkuyamba kupindikira panja.

Koma tuza la kachirombo limasiyana ndi lanu. Lanu limaphulika nkusiya bala. La kachirombo limanka liŵonda m'khosi mpaka kuduka, nkuchoka liri lobulungira ndi lotsekeka bwinobwino. Munawaonapo ana akuuzira thovu la sopo ndi phesi la papaya? Thovu limakula kunsonga, kenaka nkuthothoka, nkumapita lokha. Ndi momwemo. Khungu la kachirombo limatsekeka pomwepo, iko nkumapitiriza kudya ndi kuswana ngati palibe chachitika.

Timatumba tina timapangika mwa njira ina. Bakiteriya akaphulika nkufa, zidutswa za khungu lake zimadzipinda zokha nkusanduka timatumba, zitakuta zimene zinali m'thupi mwake.

Nanga kukula kwake? Pa milimita imodzi ija pangakwane timatumba pafupifupi 10,000. Ngakhale makina oyezera magazi ndi makhololo amene mumawaona kuchipatala sangationetse. Pamafunika makina ena amphamvu zedi. Akatswiri aŵiri a ku Calcutta m'dziko la India, a Chatterjee ndi a Das, anatijambula tikutuluka pa kachirombo ka kolera, ndipo analemba zimene anaona m'chaka cha 1967. Kwa zaka zambiri ophunzira ena ankangoti ndi zinyenyeswa za tizirombo takufa. Pambuyo pake zinadziŵika kuti tizirombo tamoyo ndi tathanzi timatulutsa timatumba nthaŵi zonse.

M'kathumba muli chiyani?

Chimene chimatsegula munthu m'mimba si kulumidwa ndi kachirombo ai. Ndi poizoni amene kamatulutsa. Dokotala wina wa ku Calcutta komweko, Sambhu Nath De, ndiye anaonetsa zimenezi m'chaka cha 1959. Poizoniyu akaloŵa m'khoma la matumbo, khomalo limayamba kutaya mchere ndi madzi osaleka, ngati mpopi wothyoka. Wodwala amapambuka madzi oyera onga otsukira mpunga. Matenda akakula, munthu wamkulu angathe kutaya lita yathunthu pa ola limodzi.

Poizoni wina amatuluka poyera. Wina amatsekeredwa m'timatumba tija. M'matumbo mwathu muli timadzi togaya chakudya, timene tingathe kuononga poizoni woyenda poyera. Koma wa m'kathumba ndi wofunditsidwa. Amayenda wosakhudzidwa mpaka kathumbako kamezedwa ndi khoma la matumbo. Tinene kuti kachirombo katumiza phukusi, iko katakhala patali.

Pali chinanso chodabwitsa. M'chaka cha 2020 akatswiri a ku Graz m'dziko la Austria anaonetsa kuti kachiromboka kakangochoka m'madzi nkuloŵa m'mimba, kamachulukitsa timatumba. Khungu limene kanali nalo kumtsinje siliyenera m'matumbo, pakuti m'menemo muli ndulu ndi zida zina za thupi zophera tizirombo. Tsono kamabenthula khungu lakale msangamsanga, nkumera lina lopirira. Kavula malaya a kudambo, kavala a kunkhondo.

Mchira wa buluzi

Mphaka akagwira buluzi, buluzi amasiya mchira. Mphaka amatanganidwa ndi mchira ukuphiriphitha, mwini wake ataloŵa kale pamng'alu.

Mabakiteriya ali ndi adani aonso. M'madzi ndi m'matumbo muli mavairasi amene ntchito yao nkupha mabakiteriya basi. Vairasi wotere amazindikira mdani wake pokhudza khungu. Tsono kathumba kaja nkopangidwa ndi khungu lomwelo. Vairasi amakakamira pa kathumba poyesa kuti wagwira kachirombo, mphamvu yake nkuthera pomwepo.

Ndi mankhwala ena zimachitikanso chimodzimodzi. Timatumba timayamwa gawo la mankhwalawo asanafike pa kachirombo. Mabakiteriya ena amaikamo ngakhale zida zophwanyira mankhwala a mtundu wa penisilini, nkuteteza nazo anzao oyandikana nao. Apa mpamene pali vuto ndi makapisozi ogula pamsika. Munthu amagula aŵiri kapena atatu pa Kampepuza kapena pa Lizulu, osadziŵa ngati ali oyenera matendawo. Mankhwala opereŵera amapha tizirombo tofooka, nkusiya tolimba kuti tiswane. Ine ndimati kumeneko nkuŵeta mdani ndi ndalama zako zomwe.

Tisaganize kuti timatumba tonse ntoipa. Mabakiteriya abwino a m'matumbo mwathu nawonso amatulutsa, ndiponso aja okhala m'timaso ta pa mizu ya soya ndi nyemba, amene amaonjezera chonde m'nthaka. Ndipo madokotala anapeza nzeru yogwiritsa ntchito timatumba popanga katemera. Kathumba kamaoneka ngati kachirombo koma sikaswana, choncho thupi limaphunzirirapo kumenya nkhondo. Dziko la Cuba linayamba kutemera anthu ake motere m'chaka cha 1989, pofuna kuletsa mtundu wina wa matenda oumitsa khosi. Katemera wakumwa wa kolera, amene anaperekedwa ku Nsanje madzi atasefukira m'chaka cha 2015, ngwosiyana. Iye amapangidwa ndi tizirombo tathunthu takufa.

Wina akadwala pakhomo

Kumbukirani kuti poizoni akaloŵa kale m'khoma la matumbo, kupha kachirombo sikutseka mpopi uja nthaŵi yomweyo. Madzi amapitirira kutuluka kufikira matumbo atachira. Chimene chimapha munthu ndi kutha kwa madzi m'thupi. Choncho choyamba nkubwezera madziwo.

Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi oŵiritsa kapena othira klorini. Ngati paketi palibe, thirani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Musachulutse mchere. Mpatseni wodwala pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambenso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Musayembekeze kuti kuche. Nyamukani naye kupita kuchipatala chapafupi, ndipo azimwa m'njira monse, kaya muli pa njinga, kaya pa ngolo. Kwa okhala kutali, monga kumapiri a Tsangano kapena kuchigwa cha Bwanje, botolo la m'njirali ndiye moyo wake. Kuchipatala adzaona ngati afunika diripi, ndipo ngati afunika mankhwala ophera tizirombo adzasankha okha oyenera. Odwala kolera akathandizidwa msanga, mwa anthu 100 womwalira sakwana ndi mmodzi yemwe. Popanda chithandizo, mwa odwala kwambiri angathe kufa mpaka theka.

Amene mukusamala wodwala, sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira, osati m'beseni limodzi nonse. Zovala ndi zofunda zake muziviike m'madzi a klorini, ndipo musakazichapire kumtsinje kapena pafupi ndi mjigo. Madzi akumwa mukathira klorini, dikirani mphindi 30 musanamwe.

Mafunso okambirana

1. Kodi tuza la kachirombo likusiyana bwanji ndi tuza la khasu?
2. Fotokozani m'mau anu mmene kathumba kamapusitsira vairasi.
3. Ŵerengani timasupuni ta shuga ndi mchere tofunika mu malita aŵiri a madzi. Lembani yankho m'kope mwanu.
4. Kuchoka m'mudzi mwanu kukafika kuchipatala mumayenda maola angati? Mungatenge malita angati a madzi a wodwala?