Kusankha Chida Chodulira Tizidutswa ta Drafuti

M'midzi ya m'mbali mwa msewu wa M10, umene umachokera ku boma la Mangochi, kudutsa pa Nkopola mpaka ku Monkey Bay, asodzi akatsika panyanja amakonda kukhala pamthunzi n'kumasewera bawo kapena drafuti. Pa bawo sipafunika chodulira, pakuti mmisiri amangosema maenje 32 pathabwa ndipo nkhomo zake 64 zimachita kusonkhanitsidwa. Pa drafuti pamafunika tizidutswa 24, wosewera aliyense 12, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo. Koma amene akufuna kugulitsa masewerawa kusukulu kapena kwa alendo a ku hotela ya Sunbird Nkopola ayenera kudula tizidutswa tozungulira bwino, tofanana kukula, totha kusanjikika pamene kamodzi kavekedwa ufumu.

Chida chimodzi chodulira tizidutswa totere ndi makina opukusa pamanja, amene safuna magetsi. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zobulungira, china pamwamba china pansi, zimene zimagudubuzika munthu akamapukusa chogwirira. Zitsulozi sizidula, ntchito yake ndi kupsinja basi. Chimene chimadula ndi chikombole, kutanthauza mpeni wopindidwa mogwirizana ndi maonekedwe a chinthu chofunidwacho, ndipo monga chikombole cha njerwa chimatulutsa zinthu zofanana nthawi zonse. Wodula amayala katoni pa mpeniwo, amatsekera zonsezo pakati pa timatabwa tiwiri ta pulasitiki, kenako amazilowetsa pakati pa zitsulo zija, ndipo zikamatulukira mbali inayo kachidutswa kamakhala kataduka.

Apa ndi pamene wogula ayenera kusamala kwambiri, chifukwa zikombole zili mitundu iwiri. Zopyapyala, zooneka ngati kachitsulo kaphanthiphanthi, zimadula pepala ndi khadi lokha. Zochindikala zili ndi mpeni wachitsulo wozikidwa m'thabwa kapena m'pulasitiki, wozunguliridwa ndi siponji yolimba imene imakankhira kachidutswa kunja kakaduka, ndipo izi ndi zimene zimatha katoni yolimba ndi chikopa chopyapyala. Makina ang'onoang'ono ambiri salandira chikombole chochindikala, choncho munthu akagula osafunsa amapezeka ndi chida chodula zokongoletsa za mapepala, osati tizidutswa togwirika m'manja. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo susintha pa makina ambiri, ndipo wokakamiza zinthu zochindikala mopitirira amaswa timatabwa kapena kuthyola mano a magiya. Kukula kwa pakamwa nakonso n'kofunika: makina odziwika otchedwa Sizzix Big Shot amalandira chinthu cha masentimita pafupifupi 15 m'lifupi, malo okwanira tizidutswa koma ochepa pa thabwa losewererapo.

Timatabwa ta pulasitiki timakandika ndi kupindika pakapita nthawi, motero n'kwanzeru kumatitembenuza kawirikawiri. Amene akutuma mbale wake wa ku Johannesburg, kumene anthu ambiri a ku Mangochi amagwira ntchito, amuuze kuti agule timatabwa tapadera pamodzi ndi makinawo, pakuti makina opanda timatabwa sadula kanthu.

Komabe katoni sigwirizana ndi moyo wa kunyanja, kumene manja amakhala onyowa ndipo masewera amachitikira pamchenga. Chimene chimapirira ndi mphira wa mapatapata otha, koma ndi wochindikala mosati n'kulowa m'makina otere. Pamenepa chida choyenera ndi chosavuta: paipi yachitsulo ya mamilimita 25 pakamwa, yotalika ngati chikhatho, imene wowotcherera zitsulo angainole mbali imodzi. Kunolako kuchitike kunja kwa paipi, m'kati musakhudzidwe, kuti kachidutswa katuluke ndi m'mphepete mowongoka. Patapata amaikidwa pa chipika choimika, pamene pamaoneka mizere yozungulira ya mtengo, chifukwa pamenepo mpeni umalowa pang'ono osabuntha, pomwe pa simenti kapena pamwala umafa nthawi yomweyo. Kumenya kamodzi kapena kawiri ndi hamala kumakwanira, ndipo kachidutswa kakatsalira m'kati kamakankhidwa ndi kamtengo. Mapatapata a mitundu iwiri amasiyanitsa osewera popanda penti.

Makina opukusa amabweza ndalama zake kwa gulu lopanga masewera ambiri a katoni, monga makadi a zilembo ndi manambala a m'kalasi ya sukulu ya kwacha, pamene wodula tizidutswa 24 pa sabata akhoza kukhutira ndi paipi, hamala ndi tupa yonolera.